Kodi Wopukwa Kwawo Angakhale Mboni?

Funso limene ndikufuna tithandizane, anzanga, ndi la kupukwa. Munthu akakhala kutali ndi kwawo, kapena akakalamba nkuona kuti mudzi umene adakuliramo udasinthiratu, mtima umamuwawa, ndipo akayamba kusimba za mudziwo amasimba zokoma zokhazokha. Palibe amene amamudzudzula, pakuti akulu adanena kale kuti kwanu nkwanu, mthengo mudalaka njoka. Koma limafika tsiku pamene zosimbazo zimalembedwa papepala ndi kusokedwa m'buku, ana nkumaziwerenga ngati mbiri. Apa mpamene ndikufunsa: kodi munthu wopukwa kwawo tingamuimike pabwalo ngati mboni ya zimene zidachitika? Nanga akalumpha zowawa, tinene kuti wanama?

Ndiyamba ndi anthu a ku Britain, chifukwa pa luso losunga zakale za midzi yawo ndi akatswiri. Cha m'ma 1860 mkulu wina wojambula zithunzi, Francis Frith, adadzipatsa ntchito yojambula tauni iliyonse ndi mudzi uliwonse wa m'dziko lawo, ndipo kampani yake idapitiriza ntchitoyi mpaka 1971. Zithunzizo zidagulitsidwa ngati mapositikhadi: tchalitchi chamiyala, mlatho, msewu waukulu, sitolo yapakona. Mpaka lero nkhalamba za kumeneko zimafunafuna chithunzi cha msewu wakwawo monga udaliri mu 1955, ndipo zikachipeza zimalemba za fungo la buledi ndi za mphunzitsi wankhanza amene tsopano zimamukonda. Ine sindiwaseka anthuwa. Kunena zoona ndimawachitira kaduka, chifukwa kwathu ku Nguludi mabanja ambiri alibe ngakhale chithunzi chimodzi cha agogo ali mtsikana.

Chikhala kuti kupukwa kwawoko kudathera kwawo komweko, sindikadakuvutitsani nako. Koma kudaoloka nyanja nkudzalemba pamapu athu. Mu 1876 amishoni a mpingo wa Church of Scotland adamanga misasa m'dziko la mfumu Kapeni natcha malowo Blantyre, dzina la kamudzi ka m'mbali mwa mtsinje wa Clyde kumene David Livingstone adabadwira mu 1813. Dziko lathu litalandira ufulu mu 1964 maina ambiri achilendo adafufutidwa: Fort Johnston idasanduka Mangochi, Port Herald Nsanje, Fort Manning Mchinji, Fort Hill Chitipa. Blantyre idatsala. Ena timati Kabula, koma pachikwangwani cha basi ndi pa envulopu timalemba dzina la mudzi wa eni.

Tsono mudzi wa eniwo unali wotani? Ambiri aife tikamva za mudzi wa ku Scotland timaona m'maganizo nkhosa zonenepa ndi udzu wobiriwira, monga pachitini cha mabisiketi. Blantyre weniweni anali mudzi wa fakitale ya thonje. Banja lonse la a Livingstone linkagona m'chipinda chimodzi cha nyumba ya antchito yotchedwa Shuttle Row. David adalowa ntchito ali ndi zaka 10, kulumikiza ulusi woduka pakati pa makina, kuyambira 6 koloko m'mawa mpaka 8 koloko usiku, ndipo akaweruka ndiye ankapita kusukulu. Thonje lambiri la mafakitale a nthawi imeneyo linkalimidwa ndi akapolo kutsidya kwa nyanja ya Atlantic. Agogo ake nawonso anali obwera: adachoka pakachilumba ka Ulva mu 1792 kudzafuna ntchito. Ndipo pa 22 Okutobala 1877, patangotha chaka chimodzi amishoni atatcha dzinalo kuno, mgodi wa malasha udaphulika ku Blantyre wa ku Scotland nupha anthu oposa 200, ena mwa iwo ana aang'ono. Dzina lidafika kuno lotsukidwa bwino, lopanda utsi, lopanda amasiye. Lidanyamula munthu mmodzi wotchuka nkusiya mazana amene adakhosomola naye fumbi la thonje.

Mphunzitsi wina wa ku Cambridge, Raymond Williams, mwana wa wantchito wa njanji wa ku Wales, adaona chinthu choseketsa m'buku lake la mu 1973, The Country and the City. Olemba a m'badwo uliwonse ku England ankadandaula kuti moyo wabwino wakumudzi wangotha kumene, udalipo ali ana. Koma ukabwerera kwa olemba a nthawi imene iwo anali anayo, umapeza nawonso akulira chimodzimodzi, kuloza kumbuyo kwawo, ndipo a kumbuyoko akulozanso kumbuyo. Mudzi wabwinowo suupeza. Umangothawa ngati utawaleza. Ine ndimamva kuti chimene wopukwa amalira si mudzi kwenikweni koma ubwana wake, nthawi imene wina ankamusenzera katundu wa moyo. Mwana amakumbukira kukoma kwa nsima. Amene adasinja chimangacho ndi matuza m'manja amakumbukira zina.

Tibwere kuno kwathu ku Chiradzulu, kumene nkhaniyi ili ndi magazi. Ku Magomero kunali esiteti ya banja la Bruce. Alexander Low Bruce adakwatira Agnes, mwana wa Livingstone, ndipo banjali lidatenga malo opitirira maekala 150,000 m'dziko muno, mwa zina pokumbukira kuti Magomero ndi pamene amishoni a Bishop Mackenzie adakhala mu 1861 motsogozedwa ndi Livingstone. Onani m'mene chikumbutso cha banja limodzi chidasandukira chikalata cha malo! Woyang'anira esitetiyo anali William Jervis Livingstone, wochokera pachilumba chaching'ono cha Lismore ku Scotland. Amene ankalima thonje ndi fodya wake ambiri anali Alomwe, amene kuyambira m'ma 1890 ankaoloka malire kuthawa nkhanza za Apwitikizi, ndipo pofika kuno adagwa m'thangata, kugwira ntchito yopanda malipiro ngati lendi ya pokhala. Pamunda umodzi panali alendo a mitundu iwiri, onse kutali ndi manda a makolo awo. Sindikayika kuti onse ankapukwa dzuwa likamalowa. Koma kupukwa kwa mtundu umodzi kunali ndi inki, positi ofesi ndi wopima malo. Kwa mtundu winawo kunali ndi pakamwa pokha, ndipo pakamwapo adzukulu ambiri adataya ngakhale chilankhulo chimene.

Za usiku wa pa 23 Januwale 1915 tonse tidaphunzira kusukulu: anthu a John Chilembwe adalowa ku Magomero napha W. J. Livingstone. Chimene sitikambirana kawirikawiri ndi cha pa 26 Januwale, pamene ena mwa iwo adafika pa mishoni ya Akatolika ya Nguludi, imene abambo a chipani cha Montfort adaitsegula mu 1903, navulaza kwambiri bambo Swelsen ndi kutentha tchalitchi. (Abambowa sanali Angerezi, ankachokera ku France ndi ku Holland, ndipo malowo adawasiyira dzina lake.) M'masiku omwewo asilikali aboma adaphulitsa tchalitchi chanjerwa cha Providence Industrial Mission ku Mbombwe, chimene anthu a Chilembwe adachimanga ndi manja awo. Chilembwe adaphedwa pa 3 Febuluwale, anthu ake pafupifupi 40 adanyongedwa kapena kuomberedwa, ndipo ena pafupifupi 300 adaponyedwa m'ndende.

Matchalitchi awiri adagwa m'sabata imodzi, m'boma limodzi, pamtunda woti munthu nkuyenda pansi. Amene adaumba njerwa za chimodzi ndi amene adaumba za chinzake anali anthu akuda okhaokha, otunga madzi m'mitsinje yomweyi. Tsono tiyerekeze kuti mdzukulu wa Mkhristu wa ku Nguludi akusimba za mishoni yakale: belu la m'mawa, masisitere, chipatala, sukulu imene idaphunzitsa bambo ake kuwerenga. Tiyerekezenso mdzukulu wa ku Mbombwe akusimba za mbusa wovala bwino amene adaphunzitsa anthu kuimirira chilili pamaso pa mzungu. Onse akunena zoona. Koma m'nkhani ya woyamba mulibe thangata, ndipo m'nkhani ya wachiwiri mulibe wansembe wogona m'magazi amene sadakwapulepo munthu pa esiteti ya Bruce. Boma lidasankha kale pakati pawo: pa 15 Januwale timapuma, ndipo nkhope ya Chilembwe ili pandalama. Ine ndikugwirizana nacho chisankhocho ndi mtima wonse. Chimene ndikukana nchakuti tsiku lopuma likhale chifukwa choti mboni inayo isaitanidwe.

Ndipo tisaloze chala Angerezi okha, anzanga olemba. Werengani ndakatulo zimene timabwera nazo pa zokambirana zathuzi. Mwezi umawala nthawi zonse, agogo ali pamoto ndi nthano, nkhokwe nzodzaza, ndipo zoipa zonse zidabwera pa sitima yapamadzi. Mudzi wa makolo wa m'ndakatulo zathu ndi mapasa ndi mudzi wa pa positikhadi ya Frith. Koma mu Julayi 1861, mbendera ya Britain isanakwezedwe kuno, Livingstone ndi anzake adakumana ndi mzere wa akapolo 84 pamudzi wa Mbame, pafupi pomwepa, omangidwa m'magoli, ogulidwa m'midzi ya anthu akuda. Chaka chotsatira njala idasesa chigwa cha Shire. Ndakatulo imene imalumpha zimenezi imakoma m'khutu, koma imachita kwa akapolo aja zomwezo zimene dzina la Blantyre lidachita kwa anthu a mumgodi.

Yankho langa tsono nlakuti wopukwa ndi mboni ndithu, ndiponso mboni yofunika. Amadziwa zimene mafailo a bwana DC sadazisunge: dzina la kamtsinje kamene kadauma, mtengo umene anthu ankapumirapo pochokera ku Limbe, nyimbo ya pamtondo. Tikamuthamangitsa pabwalo chifukwa choti amakonda kwawo, titsala ndi mbiri ya misonkho ndi milandu basi. Komanso kulumpha zowawa si bodza pakokha. Mtima suloweza zonse, ndipo mwana sangachitire umboni zimene zinkachitika iye ali mtulo. Vuto limayamba mboniyo ikakwera pampando wa mfumu nkuyamba kugamula, ikapeza mphamvu yotcha malo maina, yogawa minda, yosankha zolowa m'buku la sitandade 6. Pabwalo lakwathu mfumu sigamula itamva mbali imodzi, ngakhale wolankhulayo akulira misozi yeniyeni.

Pali chovuta chimodzi chimene sindichipeputsa. Mumakumana ndi nkhalamba, munthu woti adaona boma la atsamunda ndi maso ake, akukuuzani kuti kale kunali bwino, ndalama inali ndi mphamvu, mankhwala ankapezeka. Inu mwawerenga Independent African ya George Shepperson ndi Thomas Price, mwawerenganso Magomero ya Landeg White, ndipo lilime likukuyabwani. Kodi muwatsutse agogowo? Ine ndimati ayi, osati pakhonde pawo. Iwo sakulemba lamulo, akulira mphamvu za m'mawondo ndi anzawo amene adatsikira kulichete. Koma mukatenga mawu awowo nkuwaika m'nkhani yanu, ngongole yagwera inu, chifukwa inu ndinu muli ndi inki tsopano. Muyenera kupita kukafunsanso mayi amene adabereka mwana kumsana akupalira fodya wa mwini esiteti.

Kunyumba ya Shuttle Row ija, imene idasanduka nyumba yosungiramo zakale mu 1929, adakonzanso zoonetsa zawo natsegulanso mu 2021, ndipo tsopano akusimbako za Aafirika amene ankayenda ndi Livingstone. Mmodzi mwa iwo ndi James Chuma, mnyamata wachiyao amene adamasulidwa muukapolo mu 1861 nakhala ku Magomero konkuno. Iye ndi Abdullah Susi adatsogolera ulendo wonyamula mtembo wa Livingstone kuchokera kwa Chitambo mu 1873 mpaka kunyanja ku Bagamoyo, ulendo wa miyezi yambiri. Mu 1874 awiriwa adafika ku Britain kukathandiza kulongosola zolemba zomaliza za malemuyo. Ali ku Scotland, pakhomo pa James Young, bwenzi la Livingstone, adamanga kanyumba ka udzu kofanizira kamene Livingstone adamwaliriramo, kuti eni dziko aone ndi maso pamene munthu wawo adatsirizikira. Chuma adakamanga bwino kanyumbako. Adabwerera ku Africa, ndipo adamwalira ku Zanzibar mu 1882.