Kodi Maphunziro Okha Angabale Chilungamo?

Anthu a ku Matero, amene mu 1973 anatuma mai Lombe Chibesakunda ku Nyumba ya Malamulo kuti akhale mlomo wao, anasankha munthu amene, ataphunzira ku Chipembi ndi ku Gray's Inn mu London, anadzakhala woweruza m'bwalo lalikulu, nagwirizira mpando wa mkulu wa oweruza onse m'Zambia kuyambira 2012 kufikira 2015, ndipo pambuyo pake anatsogolera bwalo la COMESA. Ulendo wotere utifunsa funso lakale: kodi ndi mabuku amene alenga woweruza wolungama, kapena ndi mtima?

Maphunziro sitiwapeputsa, pakuti wosadziwa lamulo, ngakhale akhale wachifundo chotani, adzasokeretsa amene amkhulupirira. Komatu lamulo lili m'manja mwa munthu wosaopa Mulungu lisanduka nkhwangwa yodulira aumphawi. Solomo, pokhala pa mpando wa atate wake, sanapemphe chuma koma mtima womvera, chifukwa anazindikira kuti kuweruza kuyamba ndi kutchera khutu. Makolo athu, ponena kuti akuluakulu ndi m'dambo mozimira moto, anafuna kuti mkazi wamasiye wa ku Kanyama, wolandidwa nyumba ndi abale a mwamuna wake, apeze pothawira, ndi kuti mnyamata wa ku Chawama wosowa loya amvedwe monga amvedwa mwini chuma.

Inu ana a m'makomboni amene mukhumba mkanjo wa woweruza, phunzirani mwakhama, koma musungenso chikumbumtima choyera, pakuti mlandu suola, ndipo woweruza nayenso adzaweruzidwa.