ELIYA PANSI PA MTENGO WA TSANYA: MAWU KWA AMENE ATOPA POSIYA FODYA

Kuwerenga: 1 Mafumu 19:1-8



Mwezi uno tilingalire pamodzi za munthu amene wasiya fodya ndipo watopa. Mwina ndi bambo a kunyumba amene ataya chingambwe atasuta zaka zambirimbiri. Mwina ndi mnyamata wathu amene anaphunzira ndudu kwa anzake. Mwinanso ndi mmodzi wa ife amayi, pakuti tisabisane, ena mwa ife timafwenkha kapena kuika fodya kunsi kwa mlomo, kabotolo tikumanga pakona pa chitenje. Tsiku loyamba kusiya pamakhala chimwemwe ndi kuyamika. Koma pofika tsiku lachiwiri kapena lachitatu munthu uja ali lefuu, miyendo yalemera, mutu ukuwawa, usiku tulo sitibwera, masana akungosinza. Apa ndi pamene ambiri amabwerera, nanena kuti, "Bola ndinkasuta, ndinali ndi mphamvu."

Tiyeni tione mneneri Eliya. Iye anali atangopambana pa phiri la Karimeli, pamene Mulungu anayankha ndi moto pamaso pa aneneri a Baala. Koma Yezebeli atamuopseza, Eliya anathawa mpaka ku Beereseba, nalowa m'chipululu ulendo wa tsiku limodzi, nakhala pansi pa mtengo wa tsanya, napempha kuti angofa. Taonani, kufooka kwake kunadza pambuyo pa chigonjetso. Nanga Mulungu anachita naye bwanji? Sanamudzudzule kuti alibe chikhulupiriro ayi. Anamulola kugona. Mngelo anamudzutsa, namupatsa mkate ndi madzi. Eliya anadya, nagonanso. Mngelo anabweranso kachiwiri ndi chakudya, chifukwa ulendo unali wautali. Ndi mphamvu ya chakudya chimenecho anayenda masiku 40 mpaka ku Horebu.

Mfundo yanga ndi imeneyi: kutopa kwa munthu wosiya fodya sikutanthauza kuti walephera, kapena kuti Mulungu wamusiya. Ndi thupi limene likuchira, ndipo mankhwala ake oyamba ndi omwe aja a Eliya: tulo, chakudya, madzi ndi wina wokhala pafupi.

Monga namwino wopuma pantchito, ndifotokoze zimene zimachitika m'thupi. Mu fodya muli nikotini, amene amafika ku ubongo m'masekondi ochepa chabe munthu akakoka utsi. Amathamangitsa mtima, namupangitsa munthu kumva ngati wagalamuka. Mphamvu imeneyi ndi ya katapila: imabwera msanga, koma kubweza kwake ndi kowawa. Ubongo ukazolowera kukankhidwa chotere kangapo patsiku, umavutika nikotini akasowa. Ndiye chifukwa chake munthu amafooka, amapsa mtima msanga, maganizo sakhazikika ndipo tulo timasokonekera. Mavutowa amakula kwambiri m'masiku atatu oyamba, sabata yoyamba imakhala yolemera, koma kwa anthu ambiri amachepa pakati pa masabata awiri ndi anayi. Chimodzimodzinso kwa ofwenkha, pakuti nikotini ndi yemweyo.

Pamene munthuyo akumva kufooka, m'kati mwake zabwino zayamba kale. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO limaphunzitsa kuti pakatha mphindi 20 chisiyireni kusuta, kugunda kwa mtima kumayamba kutsika. Pakatha maola 12, mpweya woipa wa carbon monoxide, womwe umalanda malo a mpweya wabwino m'magazi, umakhala utatsika kufika pa mlingo woyenera. Pakati pa masabata awiri ndi 12 magazi amayenda bwino ndipo mapapo amayamba kugwira bwino ntchito. Pakatha chaka chimodzi, chiopsezo cha matenda a mtima chimatsika pafupifupi ndi theka. Mawu awa muwauze otopawo, chifukwa iwo sangathe kudzionera okha.

Tsono tichitenji m'masiku ovutawo?

Poyamba, tulo. Agone msanga ndi kudzuka nthawi yofanana tsiku lililonse. Masana akhoza kutsamira pang'ono, osapitirira theka la ola, kuti usiku tulo tisathawe. Dziwaninso izi: thupi la wosuta limachotsa msanga mphamvu yochotsa tulo ya mu tiyi, khofi ndi zakumwa monga Coca-Cola. Akasiya kusuta, kapu yomwe ija imakhalitsa m'thupi. Choncho achepetse tiyi, ndipo madzulo asamwe.

Chachiwiri, chakudya ndi madzi. Asatuluke m'mawa ndi njala. Phala la mgaiwa lotendera, mbatata, nthochi, papaya, nkhwani kapena bonongwe ndi nyemba zimapatsa mphamvu yokhalitsa, ndiponso zimathandiza kudzimbidwa kumene kumavuta ena masiku amenewa. Maswiti ndi zakumwa za shuga wambiri zimakweza mphamvu kwakanthawi, kenaka munthu amafooka kuposa poyamba. Mtsuko wa madzi ukhale pafupi. Mowa ndi kachasu apewe, pakuti zimaitana fodya.

Chachitatu, ntchito. Ngati kutheka, zolemera monga kugalauza kapena kuumba njerwa azichedwetse kwa sabata imodzi. Koma asangogona tsiku lonse. Kuyenda pang'ono m'mawa kapena madzulo kumatsitsimula thupi. Chilakolako cha fodya chikabwera sichikhalitsa, chimatha pakapita mphindi zochepa. Nthawi imeneyo apume mozama, amwe madzi, atafune mtedza kapena chimanga chokazinga, anene Pemphero la Ambuye pang'onopang'ono. Akamafika pa Amen, chilakolako chija chimakhala chitayamba kuzilala.

Koma ndikuchenjezeni, amayi. Si kutopa konse kumene kuli kwa fodya. Ngati kufooka kwapitirira mwezi, kapena pali chifuwa cha masabata awiri, kutuluka thukuta usiku, kuonda, magazi m'makhololo, apite kuchipatala akayezedwe TB, magazi ndi shuga. Kupweteka pamtima kapena kubanika kusachedwetsedwe ngakhale tsiku limodzi. Amene ali pa mankhwala a shuga, a mphumu kapena a matenda a maganizo auze adokotala kuti asiya fodya, chifukwa mlingo wa mankhwala ena umafunika kuunikidwanso. Ndipo wina akayamba kulankhula za kufa monga anachitira Eliya, musamusiye yekha: khalani naye, dziwitsani abambo ansembe, ndipo mupite naye kuchipatala.

Udindo wathu ndi wa mngelo uja. Bambo akagona masana m'sabata yoyamba, tisanene kuti, "Mwasanduka aulesi." Akapsa mtima pa kanthu kakang'ono, tiugwire mtima, pakuti ndi masiku ochepa. Akaterereka nasuta ndudu imodzi, tisawanyoze pamaso pa ana. Ambiri amene anasiyiratu anayesa kangapo asanapambane. Mngelo anabwera kachiwiri, ifenso tibwere kachiwiri. Ndipo mayi mnzathu akaulula pagulu kuti akulimbana ndi fodya, nkhani yake isakafike kuchitsime. Tisankhe awiri oti azimuyendera sabata yoyambayo, amuthandize kutunga madzi ndi kusinja.

Inu amene muli pansi pa mtengo wa tsanya lero, musabwerere. Dzukani, idyani, pumulani, ndipo mawa muyendenso.

Tipemphere. Mulungu Atate wathu, amene munadyetsa mtumiki wanu Eliya m'chipululu, yang'anani ndi chifundo onse amene afooka pamene akusiya fodya. Apatseni tulo tabwino usiku ndi mphamvu yokwanira tsiku lililonse, ndipo ife mutipatse mtima woleza ndi manja othandiza. Mwa Yesu Khristu Ambuye wathu. Amen.