Kodi Mpweya Ndi Mankhwala?

M'miyezi yozizira ya Juni ndi Julaye, munthu wodzuka m'mamawa ku Nkope, pa msewu uja wochoka ku Mangochi kupita ku Monkey Bay, amaona utsi utayala pamwamba pa midzi ngati nsalu yakuda imene wina waiwala kuanula. Utsi wina ndi wa mauvuni owambira kampango ndi mlamba kugombe, koma wambiri umachokera m'timakhitchini ta udzu, momwe mayi, mwana ali kumsana, wagwada pamafuwa kuuzira nkhuni zosauma bwino, misozi ili chuchuchu, ndipo tsindwi la pamutu pake lada bii ndi mwaye wa zaka zambiri. Ndimadzifunsa kawirikawiri kuti ngati udzu wada chotero, nanga mapapo a iye wokhala pansi pake ali bwanji?

Chimene chandikumbutsa zimenezi ndi mlandu wa kutali, wa ku America. Kumeneko lamulo la mu 2003 linalola munthu kusunga ndalama m'thumba lapadera lotchedwa Health Savings Account, zimene boma silidulapo msonkho malinga zigwiritsidwe ntchito pa matenda. Ndiye anthu amafunsa ngati makina osefa mpweya m'nyumba angagulidwe ndi ndalama zimenezo. Yankho lake n'lakuti kawirikawiri zimatheka pokhapokha dokotala atalemba kalata yochitira umboni kuti munthuyo ali ndi nthenda yodziwika, monga mphumu, pakuti bungwe la msonkho la IRS silivomera chinthu chogulidwa pongofuna kukhala ndi thanzi basi. Makina ndi omwewo, mpweya ndi womwewo, koma kwa wodwala ndi mankhwala, ndipo kwa amene sanadwale ndi katundu wa m'nyumba monga mpando.

Poyamba mtima wanga unakana nzeru imeneyi. Buku la Genesis limatiuza kuti munthu anali dothi chabe kufikira Mlengi atamuuzira mpweya m'mphuno, ndipo abale athu Asilamu, amene ndi ochuluka kuno ku Mangochi, nawonso amaphunzitsa kuti Adamu anaumbidwa ndi dothi nauziridwa mzimu. Tsono chinthu chimene chinayamba moyo, chimene khanda limalirira lisanalirire bere, chingadikire bwanji kalata ya dokotala kuti chiwerengedwe pa zinthu zosunga moyo? Akuluakulu anati chitsime chimadziwika kuya chikaphwa, ndipo lamulo lija likuoneka ngati lamanga nyumba yake pa mwambi womwewo, losazindikira mtengo wa mpweya kufikira chifuwa chitayamba kulira ngati mluzu. Chikhalirecho neti ya udzudzu timalandira kuchipatala malungo asanatigwire, ndipo palibe namwino amene amati bwererani kaye mukadwale. Bungwe la WHO linawerengera kuti m'chaka cha 2020 utsi wa m'nyumba unapha anthu pafupifupi 3.2 miliyoni padziko lonse, ambiri a iwo osauka ophikira nkhuni ndi makala.

Komabe ndiyenera kumchitira chilungamo wokhometsa msonkho, angakhale kuti kuyambira masiku a Zakeyu sakondedwa. Ngati chilichonse chopatsa thanzi chitchedwa mankhwala, ndiye kuti chambo, nsapato ndi denga losadontha nazonso n'zamankhwala, ndipo mosungira chuma cha dziko mudzatsala mphepo yokha. Malire ayenera kukhalapo penapake. Ndipo pali umboni wa kwathu kuno wondichititsa kudekha. Akatswiri anachita kafukufuku wotchedwa CAPS ku Chikwawa ndi ku Chilumba m'boma la Karonga, pa ana oposa 10,000 osakwana zaka zisanu, napatsa mabanja ena mbaula zamakono zotulutsa utsi wochepa. Koma pamene zotsatira zinalengezedwa mu 2016, kunapezeka kuti chibayo sichinachepe mwa ana a m'nyumba zolandira mbaulazo. Zifukwa zimene zinatchulidwa n'zingapo, monga kuwonongeka kwa mbaula ndi kubwerera kwa amayi pamafuwa, koma china chimene aliyense wokulira m'mudzi angachimve msanga n'chakuti mwana sapuma mpweya wa m'khitchini mwa amake mokha. Amapumanso wa anansi, wa zinyalala zotenthedwa kudzala, ndi wa lupsa wa m'phiri.

Apa mpamene ndinaona kuti funso lija lafunsidwa mokhota. Ambuye atayesedwa pa nkhani ya msonkho anaitanitsa ndalama nafunsa za nkhope imene inalipo, ndipo mlandu unatha chifukwa ndalamayo inali ndi mwini wake; koma mpweya ulibe nkhope ya munthu, sulembeka dzina, ndipo umene ndautulutsa ine tsopano mnzanga aulowetsa posachedwa. Thumba la ku America lili ndi dzina limodzi, monganso buku la kuchipatala limene mayi amapita nalo ku chipatala cha Anglikani cha pa Nkope, chimene chili pansi pa St Luke's ya ku Malosa. Namwino adzalembamo dzina la mwana mmodzi, nadzampatsa mankhwala a chibayo, ndipo adzakhala atachita bwino ndithu. Madzulo ake mayi uja adzafika kunyumba, nthawi imene moto wayaka pakhomo lililonse kuyambira kugombe mpaka kumsewu, nadzamtsitsa mwanayo pamphasa, pafupi ndi mafuwa, chifukwa kunja kukuzizira.