Nzika Imene Sinanyowepo ndi Mvula ya Dziko Lake

Dominica, chilumba cha ku Caribbean cha anthu pafupifupi 70,000, chakhala chikugulitsa unzika kuyambira mu 1993. St Kitts and Nevis inayamba kale, mu 1984. Masiku ano munthu wa ku Nigeria kapena ku China akapereka madola 200,000 a ku America, mbiri yake n'kufufuzidwa, amalandira pasipoti ya Dominica. Kwa zaka zambiri sankafunika n'komwe kuponda nthaka ya chilumbacho. Kodi ameneyu timutche nzika kapena kasitomala?

Ambiri amafulumira kuyankha kuti unzika si ufa wogulitsa pamsika. Ine yankho limeneli silindikhutiritsa. Palibe amene anakhetsa thukuta kuti abadwire ku Oslo osati ku Lagos. Wina amakwera ndege akangofuna, pamene mnzake amaima pamzere ku ofesi ya kazembe, kulipira ndalama zosabwezedwa, kenako n'kukanidwa viza. Ngati mwayi wa kubadwa timaulandira osadandaula, bwanji ndalama zikutinyansa? Wogulayo akungothawa tsoka limene sanalisankhe, ngakhale kuti khomo lothawirali limatsegukira olemera okha.

Wogulitsayonso sindingamuloze chala msanga. Nthochi zimene zinkadyetsa Dominica zinagwa mphwayi pamene Ulaya anasiya kuzikondera pamsika wake. Mu September 2017 mphepo yamkuntho yotchedwa Maria inasasula madenga chilumba chonse, ndipo zowonongeka zinaposa kawiri chuma chimene dzikolo limapanga pachaka. Ndalama za mapasipoti zamanga nyumba zolimba za ena mwa amene anatsala panja. Mayi amene lero akugona m'nyumba yosadontha ndingamuuze bwanji kuti denga lakelo linabwera m'njira yosayenera? Komanso malonda amenewa si a osauka okha: Malta, chilumba cha mu European Union, nayo inkagulitsa unzika mpaka khothi la bungweli litagamula mu April 2025 kuti zimenezo n'zosemphana ndi malamulo ake.

Pamene mtima wanga umakanirira ndi pa funso lakuti chogulitsidwacho n'chayani. Pasipoti payokha ndi kabuku chabe. Mtengo wake ndi chikhulupiriro chimene maiko ena ali nacho pa anthu onyamula kabukuko, ndipo chikhulupirirocho anachimanga ndi anthu wamba amene kwa zaka zambiri ankapita ku London kukaona abale n'kubwerera kwawo nthawi itakwana. Ndi chuma cha mudzi wonse, ngati chitsime. Mu July 2023 Britain inalamula kuti nzika za Dominica ndi Vanuatu ziyambe kupempha viza, ponena kuti malondawa ankalowetsa anthu okayikitsa. Wogula uja anadandaula ngati munthu amene wagula katundu wosalimba, ndipo ngati thumba likulola akhoza kukagula kwina. Namwino wobadwira ku Roseau, amene sanagulitse kanthu, ndiye anaima pamzere uja.

Mu 1955, pa mlandu wa Nottebohm, khothi lalikulu la dziko lonse ku The Hague linaona kuti unzika umene Friedrich Nottebohm anaupeza ku Liechtenstein unalibe ubale weniweni ndi dzikolo, choncho Guatemala sinali yokakamizika kuulemekeza. Akatswiri a malamulo amatsutsanabe pa chigamulochi, koma ine ubale umenewo ndimaumva chonchi: nzika ndi munthu amene zolakwa za boma lake zimamugwera. Amene analipira kamodzi n'kuchoka ndi lisiti wathandizadi, ndipo akhoza kuthokozedwa monga timathokozera wopereka chipepeso pamaliro. Koma wachipepeso sakhala nawo pa zokambirana za pabanja.

Nyengo ya mphepo zamkuntho ku Caribbean imayamba mu June n'kutha mu November. Miyezi imeneyi nzika ina ya Dominica imakhomerera malata ndi kusunga madzi m'migolo, pamene ina, ili ku Dubai, imamva za mphepoyo pa nkhani, ngati yamva n'komwe.