Kodi Wopanga Malamulo Angatsekereze Njira?

Pa 19 August 2013 apolisi anamanga mai Caroline Lucas pa mudzi wa Balcombe, ku England. Anali atakhala pansi pa chipata cha kampani ya Cuadrilla, imene inkaboola nthaka kufunafuna mafuta. Ambiri kumeneko ankaopa kuti miyala ya pansi ikadzaswedwa, madzi ao akumwa adzaipa.

Tsono mai ameneyu sanali munthu wamba. Kuyambira 1999 anali phungu wa ku nyumba ya malamulo ya Ulaya, ndipo mu 2010 anasankhidwa ku Brighton Pavilion, yekhayekha wa chipani cha Green pakati pa aphungu 650. Funso lovuta nali, abale anga: kodi nkoyenera kuti wopanga malamulo achite zomangitsa?

Ena ati iai. Phungu ali ndi mpando wake m'nyumba ya malamulo. Akalankhule komweko, pakuti mkulu akalumpha mpanda, ana adzaugwetsa. Mau amenewa ngolemera, tisawapeputse.

Koma taonani machitidwe ake. Sanaponye mwala, sanathawe, sanabisale kumbuyo kwa udindo wake. Anaima pa bwalo la milandu monga wina aliyense, wokonzeka kulandira chilango. Wonyoza lamulo amazemba woweruza. Iyeyu anadzipereka kwa woweruzayo. Apa, ndiyesa ine, mpamene chikumbumtima chisiyana ndi mwano. Mu April 2014 bwalo linampeza wosalakwa, koma kumasulidwako sikuyankha funso lathu, pakuti akadamtsutsa, mlandu wa mumtima ukadakhala womwewo.

Anthu a ku Brighton anamsankhanso mu 2015, 2017 ndi 2019. Uphunguwo anausiya yekha mu 2024.