Kadzidzi ndi Chidindo cha Mfumu

Padangotero. Kale, nyama zonse zikadali pansi pa mfumu imodzi, Mkango sankayenda mudzi ndi mudzi kukalengeza malamulo. Ankaponda phazi pa dongo lonyowa, dongolo likauma mthenga n'kulinyamula. Woona chidindocho ankadziwa kuti mawuwo achokera kwa mfumu.

Fisi, poti dyera lake silidziwa manyazi, anayamba kuponda yekha pa dongo n'kumatolera chakudya m'midzi, ati msonkho wa mfumu. Amene anamugwira ndi Kadzidzi, mlembi wa pabwalo. "Mkango poyenda amabisa zikhadabo," anatero, "koma apa zikhadabo zili poyera. Kumbuyo kwa phazi la mfumu kuli tizigawo titatu, apa ndi tiwiri."

Mfumu inaona kuti diso limodzi silingalondere dziko lonse. Inalamula kuti chaka chilichonse, akatha kukolola, ana azipikisana pozindikira chidindo chenicheni pakati pa zabodza. Mphotho yake inali chipanda cha uchi.

Tsiku loyamba, ana atandanda pamzere, Kadzidzi anatera pakati pawo.

"Agogo," anatero Gologolo, "mpikisanowu si wa ana kodi?"

"Ndionetse pamene lamulo latchula zaka," anayankha Kadzidzi. Ndipo kunena zoona, lamulolo silinatchule.

Ana asanagwire n'komwe dongo, Kadzidzi anali ataloza kale chenicheni. Uchi unapita kwake. Chaka chachiwiri chimodzimodzi, chachitatu chimodzimodzi. Chaka chachinayi ana anapita kukasewera kudambo. Anatsala mwana wa Kamba yekha, nayenso osati kudzapikisana, koma chifukwa ntchito yokanda dongo la mfumu inali yake.

Kenaka maso a Kadzidzi anachita ng'ala.

Fisi anali atamva bwino zimene zinamugwiritsa poyamba paja. Anasema phazi la mtengo, lopanda zikhadabo, la tizigawo titatu. Mfumu itapita kukasaka kutali, iye anafika pabwalo ndi madongo awiri. Lina linkati Mbawala apereke mwana, lina linkati Nguluwe achite chimodzimodzi.

Kadzidzi anapapasa, nawerenga tizigawo, nafufuza zikhadabo. "Ndi cha mfumu," anatero motsitsa mawu. Anacheuka kuti wina amutsimikizire, koma achinyamata onse anangoyang'ana pansi. Akanadziwira kuti? Mbawala anayamba kulira.

"Pepani agogo, ndinenepo?" anatero mwana wa Kamba. "Zaka zinayi ndakanda dongo, sindinaonepo mfumu ikuponda kawiri mofanana. Lero ilemera kumanzere, mawa chala chiterereka, tsiku lina kamwala kalowa pakati. Awiriwa ndi ofanana mpaka kamng'alu aka. Phazi lamoyo silichita zimenezi."

Anawaika pamodzi madongowo. Mizere ya mtengo inaoneka pa onse awiri, pamalo amodzimodzi. Pofuna kumufunsa Fisi, anangoona fumbi.

Atakololanso, Kadzidzi anafika pabwalo mbandakucha. Pamzere sanaimepo. Anakhala pa nthambi, kuseri kwa madongo, mwana wa Kamba ali pansi pake kumuuza zimene ana akuloza. Mwana wa Gologolo analoza chabodza. Kadzidzi anatsegula mlomo, yankho lili kale pa lilime, kenaka anautseka.

"Yang'ananso, mdzukulu wanga," anatero. "Uyambire kumbuyo kwa phazi. Ukuona tizigawo tingati?"