Bala Lapola, Ululu Watsala

Lachitatu

Werengani 2 Akorinto 12:7-10. Kodi Paulo anapempha kangati kuti munga umchokere? Nanga Ambuye anamyankha motani?

Pakati pathu pali abale ndi alongo amene anachitidwa opaleshoni matumbo awo atapotana, atatsekeka, kapena atabooka ndi nthenda ya taifodi. Mpingo unawapempherera, ndipo atatuluka m'chipatala tinayimba nyimbo za chiyamiko. Koma papita miyezi, kwa ena zaka, m'mimba mukupotokolabe. Ife tinaleka kufunsa, iwonso analeka kunena.

Nthawi zambiri gwero lake ndi ili: pamene thupi likupoletsa bala la m'kati, limapanga timinofu ta chipsera tonga zingwe, timene timamatiriza matumbo kwa anzake kapena ku khoma la mimba. Motero matumbo amene Mlengi anawapanga kuti aziyenda momasuka amayamba kukokeka. Anthu pafupifupi 9 mwa 10 alionse amene anang'ambidwa pamimba amakhala nato timinofu timeneti. Ambiri samva kanthu, koma ena amakhala ndi ululu wosatha. Kawirikawiri sitioneka pa ekisire, ndipo kutidula ndi opaleshoni ina kukhoza kubala tina tatsopano. N'chifukwa chake madokotala safulumira kung'ambanso munthu.

Popeza ululu umenewu suoneka ndi maso, umadza ndi mayesero awiri. Wodwala amayesedwa kuganiza kuti analodzedwa, kapena kuti Mulungu akumlanga. Ife athanzi timayesedwa kumtcha waulesi akalephera kugwira khasu, kapena wochepa chikhulupiriro akajomba ku mapemphero.

Werengani Yohane 9:1-3. Kodi Yesu anakonza ganizo lotani mwa ophunzira ake?

Paulo sanali wochepa chikhulupiriro. Anapempha katatu, koma munga sunachoke. Chimene analandira ndicho chisomo chomkwanira tsiku ndi tsiku, ndi mphamvu ya Kristu yoonekera m'kufooka kwake. Mtumwi yemweyo, amene Mulungu anachiritsa ambiri ndi manja ake, anasiya Trofimo akudwala ku Mileto (2 Timoteo 4:20), ndipo Timoteo anatumikira ali ndi vuto la m'mimba lobwerezabwereza (1 Timoteo 5:23). M'chaka cha 1892, ali ku Australia, Ellen G. White anazunzika ndi nyamakazi miyezi pafupifupi 11. Anapemphereredwa, osachira msanga, koma anapitiriza kulemba ali chigonere. Pemphero limene silinachotse ululu silinagwe pansi.

Komatu kudalira chisomo sindiko kukhala manja lende. Mulungu atalonjeza kuchiritsa Hezekiya, Yesaya analamulabe kuti aike nkhuyu pa chithupsa chake (Yesaya 38:21). Ambiri amathandizidwa pakudya pang'onopang'ono koma kawirikawiri, kutafuna bwino, kumwa madzi okwanira, ndi kuyendako tsiku lililonse. Ngakhale timaphunzitsa ubwino wa mgaiwa, nyemba ndi masamba, munthu amene matumbo ake anapanikizika angalangizidwe ndi dokotala kudya zofewa kwa nthawi. Tisamuweruze pa chakudya cha pamodzi.

Tisungenso chenjezo ili. Timinofu timeneti tikhoza kutsekeratu matumbo, ngakhale patapita zaka zambiri. Ululu ukakula, mimba nifufuma, munthu nayamba kusanza, osachita chimbudzi kapena kutulutsa mpweya, musadikire kuti kuche kapena kuti Sabata lithe. Pempherani muli m'njira yopita kuchipatala, pakuti kuchedwa kungawolese matumbo ndi kutayitsa moyo. Ambuye wa Sabata anaphunzitsa kuti kuchita zabwino pa tsikuli n'kololedwa (Mateyu 12:11, 12).

Tikuyembekeza dziko latsopano limene simudzakhala chowawitsa (Chivumbulutso 21:4). Kufikira tsikulo, chisomo chimene Paulo analandira chimafika kwa odwala athu kudzeranso m'manja mwathu: pakukhulupirira mawu awo, pakuwatungira madzi, pakuwalimira mizere ingapo, ndi pakuwaperekeza kukaonana ndi dokotala.

Zofunika kulingalira: Ndani m'kalasi mwanu amene tinamyamikira Mulungu atatuluka m'chipatala, koma sitinamfunsenso? Kodi mudzamchitira chiyani dzuwa la Lachisanu lisanalowe?